Ndani akuyenera kulowa mu Rock and Roll Hall of Fame, nanga tikuyeza ndi mlingo uti?

Chisale, Blantyre

Moni nonse. Mwambo wolowetsa oyimba mu Rock and Roll Hall of Fame, nyumba ya ulemu ya oyimba ya ku America, unachitika pa 8 November 2025 mu mzinda wa Los Angeles, ndipo chiutsatireni ndakhala ndi funso lomwe ndikufuna tithandizane. Amene alowa m'gawo lalikulu la oyimba ndi Bad Company, Chubby Checker, Joe Cocker, Cyndi Lauper, Outkast, Soundgarden ndi The White Stripes. Mwa onsewa palibe amene ndinganene kuti walowa mosayenera. Chimene chandiwawa ndi kuchedwa. Lamulo la nyumbayi limati woyimba akhoza kusankhidwa pakatha zaka 25 chitulutsireni nyimbo yake yoyamba, koma Joe Cocker, amene anayamba kumveka m'zaka za m'ma 1960, anamwalira mu 2014 dzina lake lisanaitanidwe. Chris Cornell wa Soundgarden anatisiya mu 2017. Warren Zevon, yemwe amulemekeza m'gawo la anthu amene luso lawo linasula ena, anamwalira kale mu 2003. Chubby Checker, munthu amene anavinitsa dziko lonse gule wa twist mu 1960, walowa ali ndi zaka 84.

Ndiye funso langa ndi ili: kodi ndi oyimba ati amene pofika mwambo wa 2025 umenewu akadali panja koma akuyenera kulowa, ndipo tiwayeze ndi chiyani? Ine maganizo anga ndi akuti mlingo ukhale umodzi basi, woti munthuyo anasintha kayimbidwe ka anzake. Kugulitsa zimbale zambiri ndi nkhani ya sitolo. Ndikamayang'ana anthu khumi oyamba amene analowa mu 1986, monga Chuck Berry, Little Richard, Fats Domino, James Brown ndi Buddy Holly, ndimaona anthu amene aliyense wobwera pambuyo pawo anatengerapo kanthu.

Kamwendo, Johannesburg

A Chisale, mwayamba bwino, ndipo ine dzina limene ndikuponya ndi limodzi: Iron Maiden. Steve Harris anayambitsa bandi imeneyi ku London mu 1975, chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1980, kutanthauza kuti akhala oyenera kwa zaka pafupifupi 20. Anaikidwa pa mndandanda wa opikisana mu 2021 ndi mu 2023, ndipo maulendo onse awiri anabwezedwa.

Ine anthu amenewa ndinawaona ndi maso angawa mu May 2016 ku Carnival City, kummawa kwa Johannesburg. Kunali kuzizira kwa mtundu uja kolowa m'mafupa, koma anthu anali atadzaza bwalo dzuwa lisanalowe. Pambali panga panali bambo wina wa imvi mbuu, atanyamula mdzukulu wake paphewa, onse awiri atavala malaya akuda a bandiyo. Chimene sindidzaiwala n'chakuti khamu lonse silinkangoyimba mawu a nyimbo ayi, linkayimbanso kulira kwa magitala, moti nthawi zina mawu a anthu ankaphimba zokuzira mawu. Ndege imene inawabweretsa, mmodzi mwa oyendetsa ake anali Bruce Dickinson, woyimba wawo yemweyo. Bandi imeneyi yafika pamenepa popanda thandizo lenileni la mawailesi a ku America. Ngati mlingo wanu ndi kusula ena, funsani Metallica, imene inalowa mu 2009, kuti inaphunzira kwa yani.

Osankhawo akhala akuchiyang'anira pansi chamba cha metal kuyambira kale. Black Sabbath, amene ndi makolo a chamba chimenechi, anadikira mpaka 2006. Judas Priest anailowetsa mu 2022 kudzera pa khomo lakumbali, osati m'gawo lalikulu. Motörhead ikadali panja, chonsecho mtsogoleri wake Lemmy anamwalira mu December 2015. Koma pamene zili chonchi akulowetsa oyimba rap chaka ndi chaka. Sindikunyoza Outkast, koma pakhomo paja panalembedwa kuti rock.

Nambewe, Leeds

Achimwene a Kamwendo, pa Iron Maiden ndagwirizana nanu, koma chiganizo chanu chomalizacho ndikuchikana. Mawu akuti rock and roll sanabadwe ndi magitala olira ngati bingu. Anatchuka kudzera mwa Alan Freed, muulutsi wa pa wailesi ku Cleveland kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, ndipo nyimbo zomwe iye ankaika zinali za anthu akuda a ku America, za rhythm and blues. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyumbayi inamangidwira ku Cleveland, m'mphepete mwa nyanja ya Erie, kumene inatsegulidwa mu 1995. Yang'ananinso anthu a 1986 amene a Chisale atchula. Ray Charles ndi Sam Cooke analinso m'gulu lomwelo. James Brown sanali woyimba metal, ndipo ng'oma za m'nyimbo zake ndi zimene anyamata a ku Bronx anadzamangirapo hip hop. Choncho pamene Grandmaster Flash and the Furious Five analowa mu 2007, kunali kubwera kwa mdzukulu pakhomo pa agogo ake.

Ngati tikufuna kudandaula za anthu oiwalidwa, tiyambire kwa amayi. Chaka choyamba chija munalibe mayi ndi mmodzi yemwe, Aretha Franklin ndiye anatsegula njira mu 1987. Sister Rosetta Tharpe, mayi amene ankaliza gitala ya magetsi m'nyimbo zauzimu Elvis Presley akadali mwana, anamwalira mu 1973 ndipo anamukumbukira mu 2018. Big Mama Thornton anamulowetsa mu 2024. Tina Turner analowa mu 1991 limodzi ndi Ike, mwamuna amene iye mwini anafotokoza poyera kuti ankamuzunza, ndipo anadikira zaka 30 kuti alowe payekha mu 2021, pamene Eric Clapton pofika chaka cha 2000 anali atalowa kale katatu.

Kamwendo, Johannesburg

Achemwali, mbiriyo mwaifotokoza molondola ndipo sinditsutsa. Dandaulo langa ndi la malo. Chaka chilichonse m'gawo lalikulu mumalowa mayina ochepa, asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, ndiye mukatsegula chitseko kwa country, rap, pop ndi soul nthawi imodzi, mzere wa odikira umangotalika. Jon Lord wa Deep Purple anamwalira mu 2012, bandi yake n'kulowa mu 2016. Chris Squire wa Yes anamwalira mu 2015, anzake n'kulowa mu 2017. Oyimba country ali ndi nyumba yawo ya ulemu ku Nashville. Oyimba metal alibe ina ya kukula kotero.

Mwale, Lilongwe

Ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene wakhala akuliza gitala ya besi m'mabandi a m'mahotela ndi m'maukwati kwa zaka zoposa 20. Inu nonse mukutchula anthu oima kutsogolo kwa nsanja, koma mutu umodzi susenza denga. Kwa ine dzina lalikulu pa mndandanda wa 2025 ndi Carol Kaye, mayi amene analiza besi m'nyimbo zosawerengeka zojambulidwa ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1960, kuphatikizapo za The Beach Boys. Amulemekeza ali ndi zaka 90, ndipo iye analengeza kuti ku mwambowo sapita. James Jamerson, amene besi yake ndiyo msana wa nyimbo za kampani ya Motown, anamwalira mu 1983 dzina lake lisakudziwika kwa anthu ambiri ovina nyimbo zakezo, ndipo analowa mu 2000.

Ndimakumbukira mmene ndinaphunzirira. Ndinali ndi kaseti imodzi ya nyimbo za Motown, ndipo ndinkaibweza ndi bolopeni pofuna kusunga mabatire, kumvera kachigawo kamodzi kakhumi kapena kuposa, khutu nditaligunditsa pa sipika kuti ndimve chimene besi ikuchita pansi pa mawu. Pa chikuto cha kasetiyo panalibe dzina la woliza besi. Ndinakhala zaka zambiri ndikutsanzira zala za munthu amene sindinkamudziwa dzina. Ngati mlingo wa a Chisale ndi wosintha kayimbidwe ka ena, ndiye kuti anthu ngati amenewa ndi oyenera kukhala patsogolo, osati m'kagawo kapadera komwe pa mwambo amakadutsa mothamanga.

Tsono pa mlingo womwewo ndikuponya dzina la Fela Kuti wa ku Nigeria, mwini chamba cha Afrobeat, pamodzi ndi woyimba ng'oma wake Tony Allen. Fela anali pa mndandanda wa opikisana mu 2021 ndi mu 2022. Mu 2021 pa voti ya anthu wamba anakhala wachiwiri, wotsatira Tina Turner. Sanalowe.

Chisale, Blantyre

A Mwale, pa Jamerson mwandifika pamtima. Koma pa Fela ndikufuna tisamale, kuti tisamukankhire m'nyumbayi chifukwa chongoti ndi wa ku Africa kuno ndipo timamukonda. Bungwe la nyumbayi linayambitsidwa mu 1983 ndi akuluakulu a malonda a nyimbo a ku America, monga Ahmet Ertegun wa Atlantic Records ndi Jann Wenner wa magazini ya Rolling Stone, ndipo nkhani imene imafotokoza ndi ya nyimbo za ku America ndi ku Britain. Bob Marley analowa mu 1994 ndipo Jimmy Cliff mu 2010 chifukwa reggae inalowerera m'mitsempha ya rock, umboni wake ndi The Police ndi The Clash. Kodi Afrobeat inachita chimodzimodzi? Ndikufunsa moona mtima.

Mwale, Lilongwe

Inachita, bambo Chisale, ndipo umboni wake uli m'nyumba momwemo. Ginger Baker, woyimba ng'oma wa Cream, bandi imene inalowa mu 1993, anakakhala ku Lagos kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, anamanga situdiyo kumeneko, ndipo anajambula chimbale ndi Fela mu 1971. Paul McCartney atapita kukajambula ku Lagos mu 1973 anakaonera Fela akuyimba, ndipo wakhala akusimba za usiku umenewo. Talking Heads, amene analowa mu 2002, pamodzi ndi Brian Eno amene ankawajambula, sanabise kuti chimbale chawo cha 1980 anachimanga pa zimene anamva kwa Fela.

Ndifotokoze ngati woyimba chimene anatengacho. M'nyimbo zambiri za rock, nyimbo imayenda ndi kusintha kwa makodi, ndime kenako kolasi, ndipo ng'oma imangosunga nthawi. Kwa Fela, gitala imodzi imagwira kachidutswa kakafupi n'kumakabwereza osatopa, yachiwiri imalowa m'mipata imene yoyambayo yasiya, besi ili ndi njira yakeyake, ndipo Tony Allen amaseweretsa manja ndi mapazi ngati anthu anayi osiyana. Nyimbo ikhoza kukhala pa kodi imodzi kwa mphindi 15 koma osatopetsa, chifukwa chimene chikuyenda ndi kulukana kwa zidutswazo. Ife amene tinakulira pafupi ndi ng'oma za gule sitidabwa nazo, mbalule ili ndi mawu ake, mpanje uli ndi ake. Koma kwa oyimba rock a ku New York chinali chinthu chatsopano, ndipo chinasintha mmene ankapekera nyimbo.

Komanso ngati rock ndi mtima wosaopa olamulira, Fela analipira mtengo umene ambiri a m'nyumbamo sanaulipirepo. Mu 1977 asilikali anatentha nyumba yake ya Kalakuta, n'kuponya mayi ake, Funmilayo Ransome-Kuti, kuchokera pa zenera la m'mwamba, ndipo mayiwo anamwalira chaka chotsatira.

Naphiri, Zomba

Akuluakulu, ine ndine wamng'ono pakati panu, koma nkhani ya voti imene a Mwale aikhudza ikufunika kuimveketsa, chifukwa anzanga ambiri amaganiza kuti wopambana pa intaneti ndiye amalowa. Sizili choncho. Komiti yaing'ono ndiyo imakonza mndandanda wa opikisana, kenako mapepala ovotera amapita kwa anthu oposa 1,000, omwe ndi oyimba amene analowa kale, olemba mbiri ya nyimbo ndi ogwira ntchito m'makampani a nyimbo. Mavoti onse a anthu wamba, kaya achuluke chotani, amawaphatikiza n'kukhala pepala limodzi lokha pakati pa mapepala onsewo. N'chifukwa chake Phish inatsogola pa voti ya anthu mu 2025 koma sinalowe, monganso zinachitikira Dave Matthews Band mu 2020, imene inadzalowa mu 2024.

Ine ndinavotera Fela tsiku ndi tsiku mu 2021, ndi bandulo yogula ndi ndalama yanga ya sopo ndili pa sukulu, ndipo nditadziwa za pepala limodzilo mtima unandipweteka kwambiri. Komabe sindikufuna kuti voti ya anthu ikhale yolamula zonse, chifukwa pamenepo wopambana adzakhala amene ali ndi omutsatira ambiri a mafoni. Vuto ndimaliona pa komiti yokonza mndandanda. Munthu amene sanaikidwe pa mndandanda, ngakhale ovota onse atamukonda, alibe polowera.

Mayina anga ndi Joy Division pamodzi ndi New Order, amene anali pa mndandanda mu 2023 ndi 2025. Theka la mabandi a magitala amene a msinkhu wanga amamvera amamveka ngati ana awo.

Nambewe, Leeds

Naphiri wanena zoona pa za komiti, ndipo tisaiwale zimene zinachitika mu September 2023. Jann Wenner, mmodzi mwa oyambitsa aja, anachotsedwa mu bodi ya bungweli atayankhula ndi nyuzipepala ya New York Times mawu onyazitsa oyimba achikazi ndi oyimba akuda, pofotokoza chifukwa chimene sanawaikire m'buku lake. Iye anapepesa pambuyo pake. Sindikunena kuti munthu mmodzi ndiye ankasankha onse, koma munthu wa maganizo otere atakhala pamwamba kwa zaka zambiri, sitingadabwe kuti Rosetta Tharpe anadikira mpaka 2018, kapena kuti Donna Summer analowa mu 2013 atamwalira kale mu 2012.

Pa Joy Division ndikuvomera, mwana wanga. Kuno kumpoto kwa England dzina lawo ndi la Oasis amawatchula ngati mayina a matimu a mpira.

Tembo, Chipata

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma tsopano ndiloleni ndilowepo, chifukwa mukukamba za rock ngati chinthu chimene ife tinkangomvera kuchokera kutali. Kuno ku Zambia tinali ndi rock yathuyathu m'zaka za m'ma 1970, imene lero amaitcha Zamrock. Kunali WITCH, yotsogoleredwa ndi Emmanuel Chanda, amene anthu anamupatsa dzina loti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger chifukwa cha mavinidwe ake pa nsanja. Kunali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, kunali Amanaz, kunali Keith Mlevhu, kunalinso Paul Ngozi ndi Ngozi Family, amene nyimbo zina ankaziyimba m'chiyankhulo chathu chomwechi pamwamba pa gitala yokalipa ngati ya Jimi Hendrix. Boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zochuluka pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, ku migodi ya kopa kunali ndalama, ndipo ku Ndola kampani ya Teal inkadinda zimbale.

Bambo anga ankagwira ntchito ku Kitwe, ndipo atapuma anabwerera kumudzi ndi sutikesi ya chitsulo. Pansi pa zovala munali zimbale zisanu ndi chimodzi, zitakulungidwa m'chitenje cha amayi. Chimodzi chinali cha Ngozi Family, chikuto chake chitadyeka m'makona, ndipo mbali yoyamba inali ndi mzere umene unkadumphitsa singano pa malo amodzimodzi. Bambo ankaika kandalama pamwamba pa mkono wa galamafoni kuti singanoyo isadumphe. Kufikira lero ndikamva nyimbo imeneyo pa foni, khutu langa limadikira kudumpha kuja.

Zinatha mofulumira. Mtengo wa kopa unagwa, ndalama zinasowa, malamulo oletsa kuyenda usiku anapha malo oyimbira, disco inabwera, kenako matenda a Edzi anatenga oyimba ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anatsala yekha mwa anzake oyamba aja, ndipo anakhala zaka zambiri akukumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya. Ine ndikuti WITCH ikuyenera kulowa.

Chisale, Blantyre

A Tembo, nkhani ya bambo anu yandikhudza, ndipo Zamrock ndimailemekeza. Koma ndikhala wosakhulupirika ngati ndisintha mlingo wanga chifukwa choti tafika pa abale athu. Pa Fela, a Mwale andionetsa njira yooneka, kuchoka ku Lagos kufika ku London ndi ku New York, ndipo ndagonja. Pa WITCH njira yotero sindikuiona. Iwo anamvera The Rolling Stones, Hendrix ndi Black Sabbath, n'kupanga chinthu chokoma ndi chawochawo, koma m'zaka zimenezo nyimbo zawo sizinapite kutali kwenikweni kupyola mayiko oyandikana nawo. Mtsinje unayenda kuchoka uko kubwera kuno, sunabwerere. Tikati aliyense amene anayimba rock yabwino kwawo alowe, ndiye kuti a ku Turkey, a ku Brazil, a ku Cambodia ndi a ku Japan nawonso ali ndi mayina awo, ndipo nyumbayo idzakhala kaundula chabe.

Tembo, Chipata

Bambo Chisale, mlingo wanuwo ndi umene ndikuutsutsa, ndipo ndikupemphani muuyang'anenso. Kuti munthu asule anzake, ayenera kuyamba wamveka. Kuti amveke mu 1975, ankafunika kampani yokhala ndi ndege, masitolo ndi mawailesi m'mayiko ambiri. Mnyamata wa ku Birmingham anali nazo zimenezi pakhomo, wa ku Kitwe analibe. Ndiye mukamayeza ndi kusula ena kokha, mukuyeza kukula kwa kampani imene inanyamula chimbalecho, chinthu chomwecho chimene munachikana poyamba paja mutati kugulitsa ndi nkhani ya sitolo. Fela amene mwamuvomerayo anaphunzira nyimbo ku Trinity College of Music ku London kuyambira 1958, anakhalako ku Los Angeles mu 1969, ndipo azungu otchuka anapita okha ku Lagos. Mwamuvomera chifukwa Ginger Baker ndi Paul McCartney anamuchitira umboni. Kodi woyimba wa kuno amakhala woyenera pokhapokha mlendo atamuona?

Chachiwiri, madzi saiwala khwawa, ndipo mtsinje mukunenawo wayamba kubwerera. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale za Zamrock, achinyamata a ku Ulaya ndi ku America anazigwira, ndipo Jagari anabwerera pa nsanja, WITCH n'kutulutsa chimbale chatsopano mu 2023. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977 n'kumangirapo nyimbo yake, moti ana a ku America akuyimba mawu a Chinyanja osadziwa n'komwe tanthauzo lake. Kusula ena kwachedwa ndi zaka 40, koma kwafika.

Kamwendo, Johannesburg

Pamenepa a Tembo anena chinthu chimene chikukhudzanso ine. Anthu obadwira ku Africa amene ali m'nyumbamo alipo: Freddie Mercury anabadwira ku Zanzibar mu 1946 ndipo Queen inalowa mu 2001, Trevor Rabin wa kuno ku Johannesburg analowa ndi Yes mu 2017, Dave Matthews nayenso anabadwira kuno. Koma onsewa anachita kusamuka, n'kukapangira dzina ku London kapena ku America. Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, amene anamveka ku America komweko m'zaka za m'ma 1960, kulibe. Ndikuona kuti dandaulo langa la metal ndi la a Tembo akuchokera pa muzu umodzi, kagulu kochepa ka anthu a zokonda zofanana ndiko kakhala kakusankha zimene dziko lonse liyenera kukumbukira. Komabe pa za rap sindinasinthe kwenikweni. Ndikanakonda akanayamba amaliza mzere wa akale.

Naphiri, Zomba

Amalume a Kamwendo, mzere wa akalewo sudzatha, chifukwa chaka chilichonse kumabwera ena amene akwanitsa zaka 25. Outkast anatulutsa chimbale choyamba mu 1994, ndiye nawonso adikira. Missy Elliott, amene analowa mu 2023, ndiye mayi woyamba woyimba rap kulowa, patatha zaka 16 chilowereni Grandmaster Flash.

Ndikufuna ndikumbutsenso za Dolly Parton, poti kwathu kuno palibe amene sanamumvepo pa wailesi Lamlungu m'mawa kapena m'basi ya ulendo wautali. Mu 2022 atamuika pa mndandanda, iye mwini anapempha kuti amuchotse, ponena kuti sakuona kuti wayenera. Bungwelo linakana kumuchotsa, ovota anamusankha, iye analandira, ndipo chaka chotsatira anatulutsa chimbale cha rock. Ngati mwiniwake wa dzina anakayika, ndiye kuti funso la a Kamwendo si lopanda pake. Kumene ndikusiyana nawo n'kwakuti Johnny Cash analowa kale mu 1992, ndipo Hank Williams anamulemekeza mu 1987, choncho country inali m'nyumbamo kuyambira pa maziko.

Mwale, Lilongwe

Pali njira imene ingathetse mbali ina ya mkanganowu popanda kulanda malo a Iron Maiden. Gawo lija la anthu amene luso lawo linasula ena silidutsa kwa ovota 1,000 aja, limasankhidwa ndi komiti yapadera. Kraftwerk ya ku Germany inalephera kangapo pa voti, koma inalowera kumeneko mu 2021. Nile Rodgers anamulowetsa mu 2017 kudzera m'gawo lina lapadera, bandi yake ya Chic itaikidwa pa mndandanda maulendo 11 osapambana. Fela akhoza kulowera khomo limenelo chaka chilichonse komitiyo itafuna. Chimene ndingapemphe n'chakuti akadzatero asadzamusiye Tony Allen, amene anamwalira ku Paris mu 2020, chifukwa popanda ng'oma zake Afrobeat sikanakhala mmene tikuidziwira.

Chisale, Blantyre

A Tembo, ndagona nalo funso lanu lija, loti kodi woyimba wa kuno amayenera pokhapokha mlendo atamuona, ndipo yankho lokhutiritsa ndilibe. Ndikuvomera kuti mlingo wanga uli ndi chilema chimene sindinachione, umakondera amene anali ndi njira yofikira makutu a anthu. Sindinafike poti WITCH ilowe m'gawo lalikulu patsogolo pa Iron Maiden, Motörhead kapena Thin Lizzy ya Phil Lynott, chifukwa ndikaika zimbale zawo pamodzi ndimaonabe kusiyana pa kutalika kwa ntchito ndi kuchuluka kwa amene anatengera. Koma ngati achinyamata apitiriza kutola nyimbo za Paul Ngozi ndi Amanaz monga ayambiramu, pakatha zaka khumi mlingo wanga womwewo udzandikakamiza kuvomera. Mantha anga ndi omwe ndinayamba nawo aja, akuti podzafika nthawiyo Jagari adzakhala ali kuti.

Tembo, Chipata

Jagari ali moyo, bambo Chisale, ndipo akuyimbabe m'mayiko a kutali ali ndi zaka zoposa 70, pamodzi ndi Patrick Mwondela amene ankaliza kiyibodi m'zaka zakumapeto za bandiyo. Chimene ndikupempha kwa inu si voti, poti tonse pano tilibe pepala lovotera. Ndikupempha kuti musanaike zimbale zawo pa sikelo, mumvere chimbale chachitatu cha WITCH, cha mu 1975, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pa sipika yabwino osati ya foni, monga munachitira ndi za Deep Purple muli mnyamata. A Mwale, inunso mumvere besi yake ndipo mudzatiuze chimene mwamva. Chimbale cha Ngozi Family cha bambo anga chija ndikadali nacho, ndipo mwezi wa mawa ndikubwera ku Lilongwe kudzera pa Mwami. Ngati mmodzi wa inu ali ndi galamafoni imene singano yake ikadali yabwino, ndidzachitenga.